Diso, Galasi ndi Mwezi Wofiira: Mbiri ya Kusaka Fokasi Pojambula Kadamsana

Mawu oyamba

Kadamsana wa mwezi amachitika pamene dziko lapansi laima pakati pa dzuwa ndi mwezi, mthunzi wake n'kugwera pa mweziwo. Amasiyana ndi kadamsana wa dzuwa, monga uja wa mu Novembala 1835 amene olemba mbiri amawerengera tsiku limene Angoni a Zwangendaba adaolokera mtsinje wa Zambezi. Wa mwezi sapweteka maso, amaoneka kwa aliyense amene kwawo kuli usiku, ndiponso amatenga maola angapo. Pa zifukwa zimenezi munthu angaganize kuti kumujambula n'kosavuta. Komabe amene adayesapo kulozetsa kamera ya lenzi yaitali ku mwezi wofiira amadziwa kuti kawirikawiri chimene chimatuluka ndi kadontho ka chimbuuzi, kopanda maenje ngakhale malire ooneka bwino.

Nkhani ino ikulondola mbiri ya vuto limeneli kuyambira chaka cha 1839, pamene luso lojambula zithunzi ndi kuwala lidalengezedwa ku Paris, kufikira masiku a makamera a m'mafoni. Mfundo yake ndi yakuti m'badwo uliwonse wa ojambula udali ndi chinthu chimene unkachikhulupirira kuti chiuuza pamene chithunzi chikuoneka bwino: poyamba diso, kenaka chizindikiro cholembedwa pa lenzi, pomaliza makina odzichitira okha. Mwezi udakhumudwitsa zonse zitatuzi, ndipo ojambula adakakamizika kubwerera ku njira yoyesa ndi kuyerekeza.

Liwu lochokera pamoto

Lenzi ndi galasi losulidwa mwakuti limapinda cheza cha kuwala n'kuchisonkhanitsa pamalo amodzi. Malo amenewo ojambula amawatcha fokasi. Liwuli lidachokera ku Chilatini, kumene focus linkatanthauza pamafuwa, pamoto pamene banja limasonkhanira. Mawu a Chipwitikizi ndi Chifalansa otanthauza moto, fogo ndi feu, adaphuka pa tsinde lomweli. Amene adaliloŵetsa m'masamu ndi Johannes Kepler, m'buku lake lonena za kuwala la chaka cha 1604, ndipo pambuyo pake lidayamba kutanthauzanso malo amene galasi limasonkhanitsira dzuwa mpaka kuyatsa moto.

M'buku lomwelo Kepler adafotokoza zinthu zina ziwiri zimene zikukhudza nkhani ino. Choyamba, adaonetsa kuti diso limapanga chithunzi pa kachikopa ka kumbuyo kwake, monga momwe kamera imachitira. Chachiwiri, adapereka chifukwa chimene mwezi suzimiririka kotheratu pa kadamsana: mpweya wozungulira dziko lapansi umapinda cheza cha dzuwa n'kuchiponyera mkati mwa mthunzi. Akatswiri a pambuyo pake adaonjezera kuti mpweyawo umamwaza kuwala kwa buluu n'kulola kofiira kudutsa, chimodzimodzi momwe dzuwa limafiirira likamaloŵa. Choncho mwezi wa pa kadamsana umawalitsidwa ndi kufiira kwa m'bandakucha ndi kwa chisisira kwa mbali zonse za dziko pa nthawi imodzi.

Chifukwa chake lenzi yaitali imavuta

Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400, ndipo kumwamba umatenga theka la digiri basi. Kukula kwa chithunzi chake m'kamera kumadalira mtunda wochokera pa lenzi kufika pa fokasi, umene ojambula amati utali wa lenzi. Powerengera mwachidule, utaliwo umagawidwa ndi 110. Lenzi wamba ya mamilimita 50 imatulutsa mwezi wosakwana theka la milimita. Ya mamilimita 500 imatulutsa wa mamilimita anayi ndi theka. Kuti mwezi udzaze filimu ya mamilimita 35 pamafunika lenzi yopitirira mamita awiri.

Lenzi yaitali imakuza mwezi pamodzi ndi cholakwika chilichonse. Pa lenzi yotsegulidwa mwapakatikati, pa muyeso umene umalembedwa kuti f/8, mpata umene chithunzi chimakhala chakuthwa kwenikweni sukwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kuonjezera apo, chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi ziwiri zilizonse. Mpweya nawo umanjenjemera monga umachitira pamwamba pa msewu wa phula masana a mwezi wa Okutobala. Motero chimbuuzi chili ndi magwero atatu, fokasi yolakwika, kusuntha ndi mpweya, ndipo pa chithunzi onse atatu amafanana.

Kadamsana amaonjezera mavuto ake. Amachitika mwezi uli wathunthu, pamene dzuwa limauwalira mwachindunji ndipo mapiri ake sakhala ndi mithunzi yothandiza diso kuona ngati chithunzi chili chakuthwa. Mwezi ukaloŵa wonse mumthunzi wa dziko, kuwala kwake kumachepa kuwirikiza ka 10,000 kapena kupitirira apo.

Pamene diso lidanamiza ojambula

Louis Daguerre adayesa kujambula mwezi kumayambiriro kwa chaka cha 1839, koma chimene adapeza chidali kachizindikiro koyera kopanda maonekedwe. Njira yake inkagwiritsa ntchito kachitsulo kaphanthiphanthi ka mkuwa kokutidwa ndi siliva, kamene ojambula amati puleti. M'Malichi 1840, John William Draper wa pa yunivesite ya New York adatulutsa chithunzi cha mwezi chokula pafupifupi inchi imodzi, puleti italandira kuwala kwa mphindi pafupifupi 20. Chidali chiyambi chabwino, ngakhale kuti chidali kutali ndi zimene diso linkaona pa telesikopu.

Mu 1847 malo oonera zakuthambo a ku Harvard, m'dziko la America, adaimika telesikopu ya lenzi yotambalala mainchesi 15, yopangidwa ndi Merz ndi Mahler a ku Munich, imodzi mwa zazikulu kwambiri pa nthawiyo. Mkulu wa malowo, William Cranch Bond, adagwirizana ndi wojambula zithunzi wa ku Boston, John Adams Whipple. Mu Julayi 1850 adajambula Vega, nyenyezi yoyamba kujambulidwa kupatula dzuwa. Mwezi ndiwo udawavuta. Ankakonza telesikopu mpaka maenje a pa mwezi ataoneka ngwee ndi maso, n'kuika puleti pamalo omwewo, koma potsuka ankapeza chimbuuzi.

Gwero la vutoli lidali lodziwika kale kwa akatswiri a kuwala. Isaac Newton adaonetsa kuti kuwala koyera ndi msakanizo wa mitundu ya utawaleza, ndi kuti galasi limapinda mtundu uliwonse mosiyana. Pa lenzi ya galasi limodzi, kuwala kwa buluu kumakumanirana pafupi, kofiira patali. Mu 1758 John Dollond wa ku London adalandira chilolezo cha umwini pa lenzi ya magalasi awiri a mitundu yosiyana, imene inkachepetsa vutoli. Koma osula malenzi ankawakonzera diso la munthu, limene limamva kwambiri kuwala kwachikasu chopendekera kobiriwira. Mankhwala a siliva amamva kuwala kwina: kwa buluu, kwa vayoleti, ndi kwina kosaoneka ndi maso kumene Johann Wilhelm Ritter adakutulukira mu 1801 ataona kukudetsa mankhwala a siliva kuseri kwa vayoleti. Pa telesikopu ya ku Harvard kuwala kumeneku kunkakumanirana chakumbuyo pang'ono kwa malo amene diso linkaonera bwino.

Telesikopu imodzi idali ndi mafokasi awiri, ya diso ndi ya mankhwala, ndipo yachiwiriyo panalibe munthu akadaiona. Njira idalipo imodzi: kusuntha puleti pang'onopang'ono, kujambula, kutsuka ndi kuyerekeza. M'Malichi 1851 Whipple adapeza malo oyenera, ndipo zithunzi zake zidaonetsa zigwa ndi maenje a pa mwezi. Chaka chomwecho zidaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Crystal Palace mu London, kumene zidalandira mendulo.

Mayankho atatu

Zaka 25 zotsatira zidabala mayankho atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi zidzukulu zake lero.

Loyamba lidachokera kwa Warren De la Rue, mwini fakitale yosindikiza mapepala ku London, amene adaona zithunzi za Whipple pa chionetsero chija. Iye adagwiritsa ntchito telesikopu ya kalilole wa mainchesi 13 amene adasula yekha. Kalilole amabweza mitundu yonse ya kuwala mofanana, kotero kuti fokasi ya diso ndi ya mankhwala zimakhala pamodzi. Adapindulanso ndi njira yatsopano ya Frederick Scott Archer ya chaka cha 1851, yopaka mankhwala aawisi pa galasi, imene inkafuna masekondi m'malo mwa mphindi. Atasamukira ku Cranford mu 1857 n'kuika makina a koloko oyendetsa telesikopu motsatira mwezi, zithunzi zake zidatchuka mu Ulaya yense.

Yankho lachiwiri lidali la Lewis Morris Rutherfurd wa ku New York, amene adasiya ntchito ya uloya n'kudzipereka ku zakuthambo. Mu 1864 adamaliza lenzi ya mainchesi 11 ndi kota yosulidwira kuwala kwa buluu ndi kwa vayoleti kokha. Munthu akasuzumiramo sankaona bwino, pakuti sidapangidwire iye. Chithunzi cha mwezi chimene Rutherfurd adajambula nayo pa 6 Malichi 1865 chidakhala muyeso wa ubwino kwa zaka zambiri. Apa padachitika chinthu chachilendo m'mbiri ya zipangizo zoonera: galasi lidasulidwa mokomera puleti, mwini wake n'kuvomera kuti diso lake likhale pambali.

Yankho lachitatu lidali lolambalala vuto lonse. Mu 1874 James Nasmyth, injiniya wa ku Scotland, ndi James Carpenter wa ku Greenwich adasindikiza buku lonena za mwezi lokhala ndi zithunzi zakuthwa kuposa za wina aliyense. Zambiri mwa izo sizidali za mwezi weniweni. Nasmyth ankayang'ana pa telesikopu, n'kulemba zimene waona, kenaka n'kuumba mapiri ndi maenje ndi pulasitala, n'kuzijambula padzuwa. Olembawo sadabise njira yawo. Komabe mapiri awo adatuluka osongoka kwambiri kuposa momwe alili, monga momwe zombo zopita kumwezi zidaonetsera m'zaka za m'ma 1960. Chithunzi chakuthwa kwambiri cha m'badwo umenewo chidali umboni wa zimene woumba ankaganiza kuti waona.

Phunziro la ku Cape Town

Kumwera kwa Africa kuli ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Mu 1882 kudaoneka nyenyezi yaikulu ya mchira, yowala mwakuti inkaoneka ndi masana omwe. David Gill, mkulu wa malo oonera zakuthambo a ku Cape Town kuyambira 1879, adabwereka kamera kwa wojambula zithunzi wa m'deralo, yokhala ndi lenzi yaifupi wamba, n'kuimangirira pa telesikopu yoyendetsedwa ndi koloko. Adagwiritsa ntchito mapuleti ouma a jelatini, amene adafala kutsatira ntchito ya Richard Leach Maddox ya mu 1871, ndipo zithunzi zina zidalandira kuwala kopitirira ola limodzi. Nyenyezi ya mchira idatuluka bwino, koma chimene chidadabwitsa Gill ndi unyinji wa nyenyezi zing'onozing'ono zimene zidaoneka kumbuyo kwake.

Zotsatira zake zidali ziwiri. Gill adajambula thambo lonse la kumwera, ndipo Jacobus Kapteyn wa ku Groningen adayeza mapuletiwo n'kutulutsa kaundula wa nyenyezi 454,875 pakati pa 1896 ndi 1900. Komanso msonkhano wa ku Paris wa 1887 udagwirizana zojambula thambo lonse ndi matelesikopu ofanana m'maiko osiyanasiyana, Cape Town ili m'gulumo. Chipangizo chilichonse chidali ndi mipope iwiri yogundizana: wina wa lenzi yosulidwira puleti, wina wa lenzi yosulidwira diso la munthu wolondolera nyenyezi. Mkangano wa diso ndi mankhwala udathetsedwa popatsa aliyense galasi lake.

M'malo oonera zakuthambo ngati amenewa mudakhazikika mwambo wa puleti yoyesera. Nyenyezi imodzi inkajambulidwa kangapo pa puleti imodzi, fokasi ikusunthidwa pang'ono nthawi iliyonse, ndipo kadontho kakang'ono koposa ndiko kankasonyeza malo oyenera. Ntchitoyi inkabwerezedwa nyengo ikasintha, poti chitsulo ndi galasi zimafutukuka kukatentha n'kukhwinyata kukazizira. Nyenyezi ndiyo inkasankhidwa chifukwa ndi kadontho chabe, kamene sikabisa cholakwika.

Mwezi wofiira, puleti yakhungu

Zonsezi zidathandiza kujambula mwezi wowala. Mwezi wa pa kadamsana udatsalabe m'mbuyo, pa chifukwa chimene Kepler adafotokoza kale: kuwala kwake ndi kofiira, mtundu umene mapuleti oyamba sankaumva konse. Ndi chifukwa chake ojambula ankatsuka zithunzi m'chipinda cha nyale yofiira popanda kuziononga. Munthu ankatha kuima panja akuona mwezi wofiira ngati mkuwa, pamene puleti yake ikulemba mdima wokhawokha kapena kachigawo kochepa kamene mthunzi sudafikepo.

Mu 1873 Hermann Wilhelm Vogel wa ku Berlin adapeza kuti utoto wina ukasakanizidwa ndi mankhwala a siliva umawachititsa kumva kuwala kobiriwira ndi kwachikasu. Kufika pa kofiira kudatenga zaka zina 30, ndipo mu 1906 kampani ya Wratten ndi Wainwright ya ku Croydon idayamba kugulitsa mapuleti omva mitundu yonse. Koma kupambana kumeneku kudadzutsa vuto lakale m'maonekedwe atsopano. Lenzi yosulidwira buluu, ngati ya Rutherfurd, sinkasonkhanitsa bwino kuwala kofiira. Pa lenzi yaitali yosakonzedwa mokwanira, fokasi yopezedwa pa mwezi woyera imatha kuphonya pang'ono mwezi ukafiira. Chipsera cha mbiri imeneyi chidakalipo pa malenzi ambiri a nthawi ya filimu: kadontho kofiira pambali pa chizindikiro cha fokasi, kouza wojambula pamene asunthire mkombero akamajambula ndi kuwala kosaoneka kwa kuseri kwa kufiira.

Kulondola pa chithunzi cha kadamsana kuli ndi phindu loposa kukongola. Mu 1921 André Danjon wa ku France adakonza muyeso wa magawo asanu, kuchokera pa 0, pamene mwezi umatsala pang'ono kuzimiririka, kufika pa 4, pamene umawala ngati mkuwa kapena lalanje. Kusiyanaku kumachokera ku fumbi la mumlengalenga wa dziko lapansi. Phiri la Krakatoa litaphulika mu 1883, kadamsana wa mu Okutobala 1884 adali wakuda kwambiri. Zidateronso mu Disembala 1963 litaphulika phiri la Agung, ndi pa 9 Disembala 1992 litaphulika la Pinatubo ku Philippines mu Juni 1991. Mu 1983 Richard Keen wa ku Colorado adaonetsa kuti kuwala kwa mwezi pa kadamsana kungagwiritsidwe ntchito poyeza kuchuluka kwa fumbi la mapiri ophulika m'mwambamwamba. Kadamsana aliyense ali ndi mtundu wakewake, umene sungadziwike usiku wake usanafike, ndipo chithunzi choona ndi kaundula wa momwe mpweya wa dziko udalili tsiku limenelo.

Chizindikiro ndi makina

Lenzi yaitali yonyamulika idabadwa cha mu 1891, pamene Thomas Rudolphus Dallmeyer wa ku London ndi Adolf Miethe wa ku Germany, aliyense payekha, adaika galasi lomwaza kuwala kumbuyo kwa galasi lokusonkhanitsa, kotero kuti mpope waufupi unkagwira ntchito ya wautali. Kuyambira pamenepo mwezi udayamba kufikirika kwa anthu opanda telesikopu. Malenzi a makamera adadza ndi mkombero wolembedwa mitunda, ndipo kumapeto kwake kudali chizindikiro chonga 8 yogona, chotanthauza kutali kopanda malire. Kwa zaka zambiri langizo lidali losavuta: pojambula zakumwamba, zunguzani mkombero mpaka utaima.

Langizo limeneli lidatha mphamvu chifukwa cha kupita patsogolo kwa malenzi omwewo. Pofuna kusonkhanitsa mitundu yonse ya kuwala pamalo amodzi, opanga adayamba kugwiritsa ntchito magalasi apadera; mu 1969 kampani ya Canon idatulutsa lenzi ya mamilimita 300 yokhala ndi mwala wa fluorite wochita kupanga. Zipangizo zoterezi zimasintha msanga ndi kutentha kapena kuzizira, choncho malenzi aatali amapangidwa dala kuti mkombero uzipitirira chizindikiro chija. Wozunguza mpaka kumapeto amakhala wadutsa fokasi ya mwezi.

Kenaka kudabwera makina odzipezera okha fokasi. Konica C35 AF ya mu 1977 idali kamera yoyamba yotere kugulitsidwa mwaunyinji, ndipo Minolta 7000 ya mu 1985 idafalitsa njirayi pa makamera osinthidwa malenzi. Makinawa amasaka malire pakati pa powala ndi pakuda. Pa mwezi wowala amachita bwino. Mwezi ukaloŵa mumthunzi malirewo amafooka, ndipo lenzi imangoyendayenda kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutaya ngakhale fokasi yabwino imene idalipo kale.

Thandizo lenileni lidachokera ku njira yakale yoyesa, imene makamera a digito adaifulumizitsa. Mu 2005 Canon idatulutsa EOS 20Da, kamera yopangidwira ojambula zakuthambo, imene inkaonetsa pa sikirini chithunzi chokuzidwa wojambula asanadine batani. Apa munthu ankaona chimene chipangizo cholandira kuwala chikuona, ndipo mafokasi awiri a Whipple adakhala amodzi. Chaka chomwecho Pavel Bahtinov, wokonda zakuthambo wa ku Russia, adakonza chivindikiro cha timing'alu tolozera mbali zitatu, choika kutsogolo kwa lenzi. Nyenyezi yowala imaoneka ngati mizere iwiri yopingasana ndi wachitatu woidutsa, ndipo wachitatuyo akakhala pakati penipeni ndiye kuti fokasi yakwana. Maganizo ake ndi akale: Christoph Scheiner adafotokoza za timabowo tiwiri toyesera diso mu 1619, ndipo Johannes Hartmann wa ku Potsdam adayesa matelesikopu ndi chivindikiro cha mabowo mu 1900.

Usiku wa 27 Julayi 2018

Kadamsana wa pa 27 Julayi 2018 adasonkhanitsa mavuto onsewa usiku umodzi. Mwezi udakhala mumthunzi wathunthu kwa ola limodzi ndi mphindi 43, nthawi yaitali koposa m'zaka zonse za 2001 mpaka 2100. Kummawa ndi kumwera kwa Africa kadamsanayu adaoneka kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique adafika pachimake nthawi itangopitirira 10 koloko usiku, mwezi uli pamwamba ndithu, Mars ikuwala mofiira chapafupi. Mweziwo udali kutali koposa pa njira yake, motero udaoneka waung'ono ndipo unkafuna lenzi yaitali. Udadutsa pakati pa mthunzi, pamene pali mdima wambiri. Idalinso nyengo yozizira, pamene lenzi yotulutsidwa m'nyumba yofunda imapitiriza kukhwinyata kwa nthawi ndithu.

Njira yodalirika pa usiku wotere ndi mdzukulu wa puleti yoyesera ija. Kamera imaimikidwa pa miyendo itatu yolimba nthawi ikadalipo, kuti lenzi izolowere kuzizira kwa panja. Makina odzipezera fokasi amazimitsidwa. Wojambula amakuza chithunzi pa sikirini n'kuzunguza mkombero ndi dzanja, akuyang'ana m'mphepete mwa mwezi kapena nyenyezi yowala, pakuti kwa lenzi ya kamera mwezi ndi nyenyezi zili pa fokasi imodzi. Amapitirira dala malo abwino, n'kubwerera, mpaka atatsimikiza, kenaka amamata mkombero ndi tepi. Mwezi ukada, nyenyezi zimene zimaonekera pambali pake zimamupatsa mpata woyesanso. Chithunzi chikatuluka mbuu, amayamba wafunsa gwero lake: nyenyezi zikaoneka ngati timizere, vuto ndi kusuntha, ndipo nthawi yolandira kuwala iyenera kufupika, zikaoneka ngati timipira totupa, vuto ndi fokasi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu omaliza

Yankho la Nasmyth silidafe. Mu 2023 padabuka mtsutso pa mafoni ena a Samsung, pamene zidaoneka kuti chithunzi cha mwezi chochita kuchititsidwa chimbuuzi dala, chikajambulidwa ndi foniyo, chinkatuluka ndi maenje ooneka bwino. Kampaniyo idafotokoza kuti pulogalamu ya m'kamera imazindikira mwezi n'kukometsa chithunzi mothandizidwa ndi zimene idaphunzira pa zithunzi zambiri za mwezi. Zimenezi zimatheka chifukwa mwezi umalozetsa nkhope imodzimodzi ku dziko lapansi nthawi zonse, kotero kuti maonekedwe ake angathe kuloŵezedwa pamtima, kaya ndi woumba pulasitala kaya ndi kompyuta.

Kwa ophunzira mbiri, amene amadalira zithunzi monga umboni, phunziro lake ndi lalikulu. Kuthwa kwa chithunzi pakokha sikunena kumene tsatanetsatane wake wachokera. Zithunzi za Whipple zidali zofooka poyerekeza ndi za Nasmyth, koma kadontho kalikonse pa puleti yake kadalembedwa ndi kuwala kochokera ku mwezi usiku umenewo. Pa kadamsana kusiyanaku kumakula, chifukwa chimene chikufunika kusungidwa ndi chimene sichidzabwereranso: kufiira kwa usiku umodzi, kodalira fumbi ndi mitambo imene idali mumlengalenga pa maola amenewo. Maenje a pa mwezi angathe kubwerekedwa ku chithunzi china, koma mdima wa pa 9 Disembala 1992 ulipo pa zithunzi za okhawo amene adaima panja, n'kupeza fokasi ndi dzanja, n'kulola kamera kulemba zimene idalandira.